Nambewe Ananditcha "Inu"

Linali Loweruka, pa 18 Juni 1988, nthawi ya 2 koloko masana. Nthawiyo ndimaikumbukira chifukwa ndinayang'ana wotchi ndili pakhomo, n'kudziuza kuti ndikhalamo mphindi khumi zokha.

Dzina langa ndine Yotamu Phiri. Ena mwa inu ndinakuphunzitsani. Ena munandionapo nditagona m'ngalande kuseri kwa chigayo, ntchentche zili pakamwa. Sindine munthu wa mawu ambiri. Ndinena zimene ndinachita, kenaka ndikhala pansi.

Masiku amenewo ndinali mphunzitsi wa Chingerezi wa Sitandade 8 pasukulu ina kufupi ndi Madisi. Kutchalitchi, kukabwera mlaliki wochokera kunja, womasulira ndinali ine. Abusa okalamba amene anandiphunzitsa ntchitoyi anandipatsa lamulo limodzi lokha, lakuti womasulira saonjezera ndipo sachotsera. Ndinalisunga zaka khumi ndi zisanu. Anthu ankadziwa kuti chotuluka m'kamwa mwa aPhiri ndi chimene mzungu wanena. Gwiritsani mfundo imeneyi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Chaka chimenecho aChikuse anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi makina a vidiyo, bokosi loonetsera, injini ya magetsi ndi matepi asanu. Anatenga sitolo yakale kuseri kwa msika, n'kutseka mawindo ndi ziguduli za fodya. Ankaonetsa masana, kuti anthu akumidzi abwerere kukadali kowala. Matepi atatu anali a karate, awiri a mizukwa. A karate sankafuna womasulira, chibakera aliyense amachimva. A mizukwa anthu ankasokonezeka nawo. Ndiye aChikuse anandipeza pamsika.

"Aphunzitsi, tangolowani muwauze zimene azunguwa akukambirana. Anthu akundifunsa ine, pamene Chingerezi changa n'cha mumgodi."

Ndinalowa.

Filimuyo inali yosauka, ngakhale ine ndinaona. Anthu anayi apaulendo, galimoto yawafera pafupi ndi dambo, apempha malo panyumba ya nkhalamba ina ya diso limodzi loyera. Nkhalambayo imawapatsa buledi. Aliyense wodya bulediyo mawu ake amatha, kenaka amayenda yekha kukamira m'dambo. Mwezi wake unkachita kuonekeratu kuti ndi nyali. Magazi anali ngati utoto wa pachitseko. Munthu amene anamira koyambirira anabweranso kumapeto ali wapolisi, atamata ndevu. Tepiyo inali yojambulidwa ku tepi ina, inanso ku ina, moti nkhope sizinkaoneka bwino. Nkhope ya nkhalambayo ikanatha kukhala ya wina aliyense.

Tsopano ndinene za Nambewe. Ndi mwana wa malume anga, msuweni wanga, wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri. Chisuweni mukuchidziwa nonse. Kuyambira tili ana sitinalonjeranepo mwaulemu. Iye ankanditcha kadzidzi chifukwa cha magalasiwa, kapena mwamuna wake wopanda nkhuku. Ine ndinkamutcha mfiti, chifukwa diso lake lamanzere linayera atalasidwa ndi phesi ali wamng'ono. Tikakumana pamsika ankayamba ndi iye.

"Kadzidzi iwe, walira padenga la yani lero?"

"Pa lako, mfiti iwe. Lichero waliimika kuti?"

Anthu akwathu ankaseka n'kumapita. Anali mayi wamasiye, ankakhala ndi mandasi. Vidiyo itabwera anasamutsa beseni lake n'kukhala pakhomo penipeni pa sitoloyo.

Tsiku limenelo, nkhalamba ya m'filimu itatsegula chitseko ndi mbale ya buledi m'manja, inanena mawu ochepa. Inati lowani, muyenera kuti muli ndi njala. Ine ndinaona diso loyera lija, ndinaona mbale, ndipo ndinakweza mawu.

"Lowani ana anga, ndine Nambewe, mandasi ngotentha!"

Nyumba yonse inagwa ndi phwete. Kunja Nambewe anamva, n'kukuwa kudzera pachiguduli.

"Yotamu iwe! Ndikukumva! Utuluke ndikuthire mafuta amoto m'khutu!"

Anthu anasekanso koposa. Tsiku limenelo mandasi ake anatha dzuwa likadalipo, ndipo anandipatsa awiri aulere, akuti malipiro a kadzidzi.

Chimene sindinachiganizire ndi ichi. M'nyumbamo simunali anthu akwathu okha. Munali matenanti a m'maesiteti a fodya, ochokera kutali, ku Mulanje ndi ku Thyolo. Munali anyamata ochokera ku Chisepo ndi kumidzi ina. Iwo sankadziwa kuti Nambewe ndi msuweni wanga. Ankangodziwa kuti ine ndine mphunzitsi uja womasulira kutchalitchi, amene saonjezera.

Pasanathe mwezi filimuyo inataya dzina lake la Chingerezi. Anthu ankangoti lero kuli Nambewe. Ankaionera kachisanu, kachikhumi, mpaka kuiloweza. Nkhalamba ikamayandikira chitseko, nyumba yonse inkatsogola kukuwa mawu anga ine ndisanatsegule pakamwa. Ndiye ndinkafuna atsopano. Dambo la m'filimu ndinalipatsa dzina la dambo lathu. Ndinati mafuta okazingira amawatenga kumanda. Ndinati diso loyeralo limaona chiwindi cha mwana. Mzungu sananene chilichonse mwa zimenezi.

Mudzafunsa kuti munthu wosamala ngati ine ndinachitiranji zotere. Moyo wanga wonse ndinali wachete, wonyamula mawu a anthu ena. M'sitolo muja anthu ankadikira mawu anga. Ndipo mukumbukire nthawi yake. Kunja kuno panali zinthu zoopsa zimene munthu sankazitchula, ngakhale kwa mkazi wake. Munthu ankayang'ana kumbuyo asanalankhule. M'vidiyo munali mantha amene tinkaloledwa kukuwa nawo, n'kutuluka tikuseka. Ine ndinali mwini wake wa manthawo. Filimu ikatha aChikuse ankandipatsa kabotolo, akuti kofewetsa kukhosi. Ndinali ndisanalawepo mowa chibadwire.

Mu Ogasiti Nambewe anandiimitsa pakhomo.

"Yotamu, zija usiye. Ana akumathawa akandiona. Dzulo mayi wina walanda mandasi m'manja mwa mwana wake n'kutaya."

"N'zocheza chabe, mfiti iwe."

Sanandibwezere. Nambewe kusabweza chipongwe, zinali zisanachitikepo. Ndinaziona, ndinaima pang'ono, koma m'kati anthu anali atayamba kuitana dzina langa. Ndinalowa.

Mu Novembala mwana wa aMakwinja, tenanti wa paesiteti ina, anamwalira. Kanali kamtsikana ka zaka zisanu. Kanatentha thupi masiku atatu, mawu n'kutha, n'kupita. Anali malungo. Koma wina anakumbukira kuti tsiku la msika kanadya mandasi. Pamaliro mawu anayenda, akuti mawu kutha ngati m'filimu muja, akuti azungu anachita kumujambula mayi ameneyu, akuti aphunzitsi enieniwo amanena poyera.

Tsiku la msika lotsatira anabwera gulu. Anagubuduza beseni, anataya mafuta, anapondaponda mandasi m'dothi. Ena anathamangira kunyumba kwake, anagenda, anazula chitseko. Ine ndinali pakhonde la telala, mapazi makumi atatu kuchokera pamene Nambewe anagwa. Chitenje chinali chitamasuka, magazi akutuluka pamphumi. Sankalira. Ankandiyang'ana ndi diso labwino lija.

Bambo wina anandiona, n'kufuula kuti onse amve.

"Aphunzitsi awo ali apo! Aphunzitsi, tikunama ife?"

Msika wonse unatembenukira kwa ine. Ndinali wantchito wa boma, ndinkaopa kuti dzina langa lingamveke pa mlandu. Ndinkaopa miyala. Ndinkaopanso kunena pamaso pa anthu onsewo kuti ndakhala ndikunama. Ndinayankha mawu atatu okha.

"Ine ndimangomasulira basi."

Abale anga, pa zoipa zonse zimene ndachita, palibe choposa chimenecho. Kwa anthu amene aja, mawu amenewo ankatanthauza kuti zonse n'zoona.

Nambewe anakwera lole tsiku lomwelo, kupita kwawo kwa amayi ake kumapiri a Ntchisi, ndi kamtolo kamodzi.

Zotsatira ndizinena mofulumira, chifukwa ambiri muno njira yake mukuidziwa. Anthu anachuluka kuvidiyo kuposa kale, aliyense akufuna kuona mfiti imene inathamangitsidwa. Ine ndinapitiriza kumasulira. Sindikanatha ndili bwinobwino, choncho kabotolo kanasamuka, kuchoka kumapeto kwa filimu kubwera koyambirira. Kenaka kanabwera m'mawa. Akulu a mpingo anandiitana kawiri, kachitatu anandidula. Kusukulu ndinagona patebulo ana akulemba, ndinasanza pakhomo la kalasi, ndipo chaka chotsatira ntchito inatha. Ndinali mkamwini kwa akazi anga, aNabanda. Alongo awo anandiikira sutikesi panja mwaulemu, n'kundiuza kuti ndikayambe ndapuma kwathu. Kwathu sindinapite. Ndinkagona m'sitolo ya vidiyo, pa ziguduli. Ndinagulitsa jekete, njinga, wotchi ija, pomaliza buku langa lalikulu la matanthauzo a mawu a Chingerezi, limene mayi wa kachasu ankang'amba masamba ake n'kumakulungira fodya.

AChikuse anabweretsa matepi ena, a mitembo yodzuka, a mitu yodulidwa, a zidole zoyenda ndi mipeni. Ndinaonera onse mpaka palibe chinkandiopsa. Koma nkhalamba ija ikatsegula chitseko ndinkayang'ana pansi, pakamwa pokha pakugwira ntchito. Kawiri konse ndinaganiza zodzichotsa pa dziko. Sindinganene kuti chinandiletsa ndi chikhulupiriro. Ndinali wamantha, monga ndinalili pakhonde la telala.

Mu Julayi 1990 malume anga, bambo ake a Nambewe, anamwalira kumudzi kwathu, mbali ya ku Dowa. Ndinene zoona, ndinapitako ndikuganiza za mowa wa pamaliro. Ndinkadziwanso kuti Nambewe abwera, ndipo ndinakonzeka. Ndinkayembekezera kuti anditukwana pamaso pa abale onse, mwina kundimenya ndi chikuni. Ndinkazifuna. Ndinkaganiza kuti akanditukwana ndiye kuti mlandu wayamba kutha.

Titachoka kumanda, chakumasana, ndinakhala ndekha kuseri kwa nkhokwe. Pabwalo asuweni ena anali atayamba kale zawo zija zochotsa chisoni, kulandana mipando, kunenana kuti wapha malume ndi iwe ndi kuumira kwako. Ine palibe anandiponyera mawu.

Ndinaona mapazi akubwera. Anali Nambewe, atanyamula beseni la madzi osamba m'manja. Anali atatha thupi. Pamphumi panali chipsera. Anaima patali pang'ono, kupitirira pamene munthu amaimira m'bale wake. Anagwada, mawondo onse awiri. Anaika beseni pansi, n'kulikankhira kwa ine ndi manja awiri, maso ali pansi.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi? Sambani m'manja, chakudya chikubwera."

Ndinayang'ana kumbuyo kwanga, kuganiza kuti pali munthu wina. Panali nkhokwe yokha.

"Nambewe, ndine Yotamu."

"Ndakuzindikirani, bambo. Kunyumba onse ali bwino?"

"Nambewe."

"Madziwo azizira, sambani."

Sanakweze mawu. Munalibe mkwiyo m'mawu akewo, munalibenso kunyoza. Ankandilankhula monga mmene mayi amalankhulira mlendo wa boma amene wabwera kudzalemba za katemera. Amayi awiri amene ankadutsa ndi mbale anaima, n'kuyang'anana, n'kubwerera mwakachetechete. Anamva chimene ine ndinamva. Zaka makumi anayi ndi zisanu munthu ameneyu anali asananditchulepo kuti inu. Tsiku la ukwati wanga anati iwe. Tsiku limene ndinavala tayi koyamba kupita kukaphunzitsa anati iwe, n'kuikoka. Pamaliro a mwamuna wake, ali m'kati molira, anati kadzidzi iwe wachedwa kuti.

Ndinaviika manja m'madzimo. Iye anadikira mpaka ndamaliza, anati zikomo, anadzuka, n'kupita. Ndinazindikira kuti tsiku limenelo waika m'manda anthu awiri, ndipo wachiwiriyo wamusambitsa m'manja.

Madzulo ake mlongo wake, amene ankakhala naye ku Ntchisi, anandiuza zotsala. Nkhani ija inamutsatira pa malole a fodya. Kumeneko nakonso palibe ankagula chophika chake. Anasiya kukazinga, ankakhalira maganyu m'minda ya anthu. Amayi sankamupatsa mwana kuti anyamule. Kutchalitchi ankakhala pabenchi payekha.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasiya mowa tsiku lomwelo. Ndinamwa masiku atatu osalekeza. Koma mowa unali utasiya kugwira ntchito yake. Ndikamwa ndinkamvabe kuti sambani m'manja.

Tsiku lachinayi ndinapita kwa mayi wa kachasu, anthu ali pomwepo, n'kumuuza kuti asadzandigulitsenso ngakhale ndigwade. Anaseka, nati onse amatero. Ndinagwa kawiri m'miyezi itatu yoyambayo, sindibisa. Chimene chinandithandiza n'chaching'ono. Ndinasintha njira. Ndinasiya kudutsa kuchigayo, kumene kunali kachasu, ndinkazungulira kumjigo ngakhale kunali kutali. Nthawi ya 4 koloko, pamene khosi linkayamba kuitana, ndinkapita kwa mkulu wina wa mpingo kukawaza nkhuni zake, kaya zikufunika kaya ayi. Iye sankandilalikira. Ankangonditulutsira nkhwangwa.

Ndinapempha kubwerera mu mpingo. Anandiika m'kalasi, pabenchi limodzi ndi ana amene ndinawaphunzitsa ndekha. Ndinakhala.

Kenaka ndinapempha aChikuse kuti ndionere tepi ija ndekha m'mawa wina. Pamakinawo panali batani loimitsa chithunzi. Ndinapita nalo pang'onopang'ono mpaka pamene nkhalamba imatambasula mkono kupereka buledi. Malaya anakwera pang'ono. Mkonowo unali wosalala, wa mtsikana, ndipo unali ndi wotchi. Pakhosi pankaoneka mzere pamene mphira ya kumaso inathera. Filimu imeneyi ndinali nditaionera kosawerengeka, koma izi ndinali ndisanazione, chifukwa nthawi zonse ndinkayang'ana anthu ngati akuseka.

Loweruka lotsatira nyumba inadzaza. Titafika pamenepo ndinadina batani lija, n'kuima kutsogolo.

"Taonani mkono uwu. Ndi mtsikana wachizungu wovala mphira kumaso. Pano wanena kuti lowani, muyenera kuti muli ndi njala. Sanatchule Nambewe. M'filimu yonseyi mulibe Nambewe, mulibe mandasi, mulibe manda. Ndinaikamo ndine. Nambewe ndi msuweni wanga, mwana wa malume anga, zinali zachisuweni. Tsiku lija pamsika ndinanama."

Kenaka wina kumbuyo anakuwa.

"Aphunzitsi alawa kale lero!"

"Tabwezani filimu, talipira ife!"

Mayi wina anayandikira bokosilo, anayang'anitsitsa mkono uja, n'kutembenukira anzake.

"Mwaona? Amasintha khungu. Kunja nkhalamba, m'kati mtsikana."

Ambiri anavomereza. Ndinabwereza mawu anga kachiwiri, koma aChikuse anali atandigwira kale pamkono. Panja anandiuza kuti ndisadzapondenso pamenepo. Ndinawapempha kuti andipatse tepiyo, ndiwagwirire ntchito ina iliyonse m'malo mwake. Anakana. Sanafunenso womasulira wina. Anthu anali ataloweza mawu anga onse, ankadzinenera okha. Ndinaima panja n'kumamva nyumba yonse ikufuula kuti ndine Nambewe, mandasi ngotentha. Tepiyo inazungulira mpaka inadzadukira yokha.

Mwa anthu onse aja, amene anabwera kudzandifunsa ngati ndimanena zoona anali atatu.

Ndinapita kwa aMakwinja. Ndinawapeza kunazale, akuthirira mbande za fodya. Ndinawauza zonse, ndili chiimire. Anamvetsera osasiya kuthirira. Nditamaliza anaika chitini pansi.

"Ndiye mwana wanga anamupha ndani?"

"Malungo, bambo."

"Malungowo ndikawagende kuti?"

Anatola chitini chawo.

"Inu ophunzira mumasewera ndi pakamwa. Ine ndinagenda mayi uja ndi dzanja ili. Tsopano mwabwera kudzandisenzetsa zimenezo, inu mupepukidwe. Pitani."

Sanandikhululukire. Sindinawapemphenso.

Nyumba ya Nambewe ndinaipeza mukugona mbuzi. Ndinazitulutsa, ndinazira pansi, ndinafolera padenga pamene pankadontha. Telala uja anandipatsa matabwa, ndinakhoma chitseko. Chakudya ndinkachipeza polembera anthu makalata pakhonde la positi.

Inu amene mwakhala muno botolo likadali m'mutu, ndisakunamizeni, ndanama kokwanira. Mukasiya, si zonse zimabwerera. Ntchito yanga sinabwerere. ANabanda anakwatiwa kwina, ndipo anachita bwino. Ana anga amandipatsa moni ngati munthu wodziwana naye. Pali anthu mpaka lero, kuyambira kuno mpaka ku Chisepo, amene amaopseza ana awo ndi dzina la msuweni wanga, ena osadziwa n'komwe kuti ndi munthu weniweni. Ndikanakhala kuti ndinangomwa, ndikanadziwononga ndekha. Ine ndinayamba ndawononga munthu wina, mowa unabwera kudzaphimba. Aliyense adzifunse chimene akuphimba. Akachipeza apite kumeneko, ngakhale akudziwa kuti sakamulandira.

Ine ndinapita mu Meyi 1991. Ndinabwereka njinga kwa mkulu wa mpingo uja, ndinamangapo ufa wa tirigu, shuga ndi botolo la mafuta. Ndinanyamuka m'mawa, mapiri ambiri ndinachita kukankha, ndinafika dzuwa litapendeka. Nambewe ankakhala kumapeto kwa mudzi, pamtsetse, m'kanyumba kongokwana mphasa. Ndinamupeza akutong'ola chimanga cha eni ake.

Anandiyalira mphasa. Iye anakhala pansi patali.

"Mwayenda bwanji, aphunzitsi?"

Ndinamuuza za batani, za mkono wa wotchi, za aMakwinja, za mbuzi ndi chitseko. Ndinamuuza kuti pakhonde la telala ndinamupereka. Ndinapepesa. Anamvetsera akutong'ola.

"Ndamva. Zikomo kuti mwabwera."

"Nyumba ili bwino tsopano. Ukhoza kubwerera."

"Mubwezeremo mbuzi zija, bambo. Zinazolowera."

"Nambewe, nditukwane. Kamodzi kokha."

Anasiya kutong'ola, n'kundiyang'ana koyamba.

"Chipongwe chimafuna mtima womasuka. Ine ndilibe. Munanditcha mfiti zaka zonse zija, ndinkaseka, chifukwa ndinkadziwa kuti tsiku loipa likadzafika woyamba kuima pambali panga ndinu. Linafika."

Kenaka analoza katundu uja ndi chitsononkho.

"Nanga izi n'zachiyani?"

"Ukazinge mandasi."

"Agule ndani?"

"Ndikagulitsa ine. Ku Madisi, pamalo pako paja."

"Inu? Mwamuna, wa magalasi, ndi beseni?"

"Ine."

"Akakusekani."

"Ndinkafuna kuti aziseka. Aseke."

Sanavomere, sanakane. Anatenga ufawo n'kulowa nawo m'nyumba. Ine ndinakagona kwa mlongo wake.

M'mawa mwake, kutangoyamba kuyera, ndinamva mafuta akulira. Ndinamupeza atagwada pamoto, akutembenuza mandasi ndi kamtengo, manja akuyenda ngati sanasiyepo. Atadzaza beseni anavundikira ndi nsalu yoyera, ine ndinaliika pakaliyala n'kuyamba kumanga ndi mphira. Mfundo inkakana. Beseni linapendekeka.

"Mangitsa iwe, ugwetsa!"

Tonse tinaima. Iye anagwira pakamwa. Anayang'ana kumbali, anakonza mpango kumutu.

"Mangitsani," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Ndinamangitsa. Ndinatsika mapiri aja pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili kumbuyo pabeseni. Ndinafika pa Madisi dzuwa lisanafike pamutu, tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti. Ndinaimika njinga pakhomo la vidiyo, ndinakhala pansi pamene iye ankakhala, n'kuvundukula nsalu. Anthu anayamba kuima. Wina anafunsa kuti aphunzitsi, mandasi a yani amenewa.

"A Nambewe, msuweni wanga. Wakazinga yekha lero m'mawa."

Anabwerera m'mbuyo. Ndinatenga limodzi, ndinalinyema kuti onse aone m'kati mwake, ndinadya mpaka kumaliza. Kenaka ndinatenga lachiwiri.